Mchere wa pa Chala

Tramu yomaliza yadutsa kale.
Chipale chakwirira njinga ya Zsombor panja,
yangotsala hendulo.
Kuno ku Debrecen usiku wa Januwale ndi wautali,
ungayeze zinthu makumi anayi
dzuwa lisanakumbuke kuti tilipo.

Ine ndine Piroska Vadász.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikupanga chandamale:
kuphika lifiyamu ndi fulolini mpaka zisanduke nthunzi,
nthunziyo nkukakhala pa kachitsulo,
yopyapyala ngati mpweya wa pakamwa pa zenera.
Dzina langa silikwera pamwamba pa pepala.
Limakhala kumapeto, m'tizilembo,
paja amathokoza.

Kuseri kwa khoma la konkire
makina akung'ung'udza chamumtima,
kuponya mapulotoni mu paipi yopanda mpweya.
Ambiri amangodutsa, ulendo ulipo.
Koma mmodzi mwa miyandamiyanda
amagogoda pa phata la atomu, go!
Phata limatekeseka,
ndipo pofuna kukhazikika
limalavula cheza cha gama,
kuwala komwe diso silinaitanidwe kuti likuone.

Khutu lathu ndi mwala wa jemeniyamu.
Umamva bwino ukazizidwa,
choncho Zsombor amauthira nayitirojeni wamadzi,
utsi woyera nkumakwawa pansi, kunyambita nsapato.

Aliyense ali ndi poyankhira pake.
Fulolini amavomera kawiri, pa 110 ndi pa 197.
Lifiyamu pa 478, mawu ake otambalala
chifukwa amayankhula akuthamanga.
Ndimawadziwa ngati mapazi a anansi pa masitepe.

Kweza pang'ono. Dikira. Lemba.
Kweza pang'ono.
Khofi wachita nkhungu pamwamba.

Itangodutsa 3 koloko mnyamata anandiitana.
"Azakhali a Piroska, tabwerani."
Pa kompyuta, pomwe panayenera kukhala chigwa,
pamera kachulu.
440.
Sodiyamu. Sitinamuitane ameneyo.

Ananamizira mafuta a pampu.
Ananamizira galasi, kenako kampani yotigulitsa ufa,
anavundukula mabuku a chaka chatha
akutukwana chapansipansi.
Ine chete, manja m'thumba la jasi.

Ndinkakumbukira Lachiwiri.
Dzanja lamanjali linayamba kunjenjemera masamba akuyoyoka,
sindinauze dokotala, sindinauze mwana wanga ku Szeged.
Lachiwiri kachopanira kanatsegula pakamwa pokha,
kachitsulo kanapita,
ndinakawakha ndi chala chachikulu kasanafike pansi.
Ndinapukuta. Ndinayang'ana pa nyali: mbee.
Ndinati zatha.

Koma pulotoni sadziwa ulemu.
Wagogoda pa thukuta langa,
mchere wa m'thupi mwanga wayankha
mokweza, pa nambala yake,
pamaso pa mwana yemwe ndinamuphunzitsa kuvala magolovesi.
Chala chimodzi chaswa mausiku anayi.

"Ndi ine," ndinatero. "Ndi chala changa."

Anavula magalasi nkuwapukuta nthawi yaitali.
Pampu inkangogunda.
Kenako anasindikiza chithunzicho,
anatenga pensulo yomwe amatafuna ija,
pamwamba pa kachulu analemba P. V.
"Taonani," anatero, "lero muli pamwamba."

Sindinaseke msanga.
Ndinayang'ana kachulu kaja, koongoka, kopanda chinyengo,
ndipo ndinaganiza za supu wa nyemba wa mayi anga,
mchere wambiri nthawi zonse,
za misozi ya pa maliro a Dezső,
za thukuta la m'basi chilimwe chilichonse:
zonsezo zadutsa mwa ine mwakachetechete
kudzathera apa, m'mzere umodzi wowerengeka.

Tinazimitsa makina 5 koloko.
M'chipinda changa ndinayatsa ng'anjo,
ndinayeza ufa woyera, ndinatulutsa kachitsulo kena.
"Samba m'manja," ndinamuuza.
"Golovesi ziwiri. Gwira cham'mphepete.
Usapume pamwamba pake."

Ndinamupatsa kachopanira.
Panja wina anayamba kukokola chipale ndi fosholo,
khwee, khwee,
ine nditaima kumbuyo kwake
ndikuwerenga masekondi mokweza.