Ku Garaja ya Yotamu

Lachiwiri m'mawa ndinaphunzitsa za Agiriki akale,
aja ankazungulira pamsika opanda nsapato
n'kumafunsa anthu mafunso mpaka kuwapsetsa mtima.
Ndinalemba pabolodi:
nzeru imayamba ukavomera umbuli wako.
Kalasi yonse inakopera.
Mtsikana wina wakumbuyo anakweza dzanja:
"Nanga inuyo, n'chiyani chimene simudziwa?"
Ndinamuunjikira mayina a mabuku
mpaka nthawi inandiombola.

Madzulo galimoto inandifera pamsewu wa Great East.
Tinaikankha mpaka ku Kalingalinga, kwa Yotamu,
ine ndikulamula kale:
ndi batire, ndikudziwa ine, ndi batire.

Yotamu anapukutira manja pa ovolosi,
n'kupotokola kiyi, khutu atalitchera
ngati namwino pachifuwa cha khanda.
"Sindikudziwa, abwana," anatero.
"Tiyeni titsegule, tione."

Anawanena mopepuka mawuwo,
ngati akupempha sipanala.

Vuto silinali batire.
Ndinakwera minibasi, choko chikadali m'zikhadabo,
kondakitala akuitanira a ku Chelstone,
ine pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo,
ndikuyeseza chamumtima liwu limodzi lokha
loti ndikamuyankhe mtsikana uja Lachinayi.