Chikope cha Maite

Unkayenda chibwano m'mwamba
pa masitepe a ku Valparaíso,
anthu n'kumati kamwanaka n'kamatama,
chonsecho unkangosuzumira dziko
kunsi kwa chikope cholemera.

Uli ndi zaka zinayi, Dokotala Urrutia
anabwereka kamtsempha pantchafu yako
nakolekera chikopecho pamphumi.

Papita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Tizipsera titatu tinabisala m'nsidze.
Madzulo ukatopa chimatsikako pang'ono,
umachikweza ngati wamva zodabwitsa.
Ukagona sichitsekeka chonse,
ndiye ndimaimabe pakhomo, kabotolo ka mankhwala m'manja,
kuopa kuti mphepo yamchere ingaumitse diso.

Dzulo unandipezerera.
Unati, "Amayi, kagoneni.
Ine ndimalota ndi diso limodzi,
linalo limalondera inu."