Zimene Tinafufuta pa Bolodi

Lachitatu, chiperoni chitakhala padenga,
ndinalemba funde lathunthu pa bolodi,
mzere umodzi wa masamu
kuchokera kuzenera mpaka kuchitseko.
Choko chinathera m'zala.
Ana a kalabu ya masamu anangoti kukamwa yasa.

Ndinati musaope, tiupeputsa.
Tiyerekeze kuti madziwo ndi osaya, olekeza m'mawondo.
Tiyerekeze kuti mphepo yagona,
pansi ndi posalala ngati simenti ya pakhonde,
mulibe matope, mulibe ndi chule yemwe,
fundelo ndi laling'ono, laulemu,
lopatukira linzake panjira.
Dasitala anayamba kudya.
Kachilembo kakang'ono kakadzichulukitsa kokha
kamachepa kuposa diso la udzudzu: kachoke.
Mzere uja unafota mpaka kukwana m'chikhatho.
Liwiro la funde, ndinatero, limangofunsa ziwiri,
kuya kwa madzi ndi mphamvu yokokera pansi.

Loweruka tinadula m'minda ya tiyi
kupita kudamu la esiteti, kumtunda kwa Chitakale.
Firipo anayeza kuya ndi nsungwi,
Nakhumwa anagwetsa chidutswa cha njerwa,
ine foni m'manja kuwerenga masekondi.
Yankho la m'kope ndi la m'madzi
zinangosiyana ndi chala.
Tinagula nanazi, tinadya poyera.

Pobwerera Mulekano, amene sakonda kukweza dzanja,
anati Madamu, nanga tafufuta zija zapita kuti?
Ndinaseka, n'kumuonetsa fumbi la choko pasiketi.

Malichi mvula inagwa masiku anayi osapuma.
Usiku wachinayi phiri linatsokomola,
napolo anatsika ndi Likhubula
atasenza zonse zimene tinafufuta:
matope, mphepo, mitengo ndi mizu yake,
miyala yoposa ofesi ya ahedi,
ndi kachilembo kaja, katakula,
katanyamula mlatho pamutu.

Sukulu itatsegulidwa Mulekano anabwera
wopanda kope, atavala nsapato za mwini.
Sanafunsenso.

Ndimapeputsabe masamu.
Popanda kutero mwana sangaligwire funde,
angomira m'zilembo.
Koma dasitala ndinamuchepetsera chakudya.
Chilichonse chimene tachotsa
ndimachilemba pakona, kumanja kwa bolodi,
pamene dzuwa la masana silifika,
ndipo wosesa amadziwa kuti pamenepo sakhudza.
Mvula ikayamba kugogoda malata
ana amasiya yankho lathu lokongola
n'kuyang'ana pakonapo.