Mphindi Ziwiri ku Jackson

Tinanyamuka ku Delta kusanache,
ine, Verlene, ndi Odessa wa bondo lotupa,
m'galimoto lonunkha khofi ndi sopo.
Minda ya thonje inali mbee, ikudikira thirakitala.

Pakhomo la nyumba ya malamulo makina analira.
Mlonda anapisa dzanja m'chikwama changa
natulutsa sizasi.
"Ichi ndi chida, mayi."
Ndinati eya, yadula michombo mazana anayi.
Sanaseke. Anaiponya m'kabokosi, nandipatsa nambala.

M'chipinda cha komiti munali amuna khumi ndi atatu,
amayi awiri, ndi madzi a m'mabotolo.
Anayamba ndi bilu ya milamba ya m'madamu.
Ola lathunthu.
Milamba ili ndi abale ambiri m'nyumba imeneyi.

Kenako wapampando, bambo Stallworth,
maso ali pa foni, anati,
"Azamba. Mphindi ziwiri aliyense."

Mphindi ziwiri.
Ine amene ndinachezera mausiku awiri pambali pa Keziah
ndikumutikita msana, ndikumumwetsa madzi ndi supuni,
mwana akukana njira.

Ndinaima. Ndinati:
Wodi ya amayi kwathu anaikhoma loko.
Chipatala china chili pa ulendo wa ola ndi theka,
ndipo khanda siliwerenga mamailosi.
Lashay anachirira pomwetsera mafuta,
pakati pa pampu yachitatu ndi yachinayi,
mwamuna wake akuunika ndi foni.
Sitinabwerere chifundo.
Tikufuna chiphaso, dzina lathu m'buku la boma,
kuti ndinyamule mankhwala oletsa magazi osacheukira apolisi,
kuti ndikaimbira dokotala pakati pa usiku
asayambe kufunsa kuti ndine yani
magazi akunyowetsa matiresi.
Tikufunanso—

Kanyali kofiira kanayaka.

Verlene anawerenga manambala ake, mawu akunjenjemera.
Odessa anadzuka ndi ndodo yake, natchula dzina,
kenako anangokhala chete.
Zii.
Wina anatsokomola. Mpando unalira.
Bambo Stallworth anaika foni pansi.
Mphindi itakwana Odessa anati,
"Umu ndi momwe mphindi imatalikira
mwana akatuluka osalira.
Yachiwiriyo sungani."

Pambuyo pathu panaima wa bungwe la madokotala,
suti yake yosalala ngati mbale yatsopano.
Aphungu ankawatchula maina a kunyumba.
Kanyali kake sindinakaone kakuyaka.

"Tidzaiunikanso chaka chamawa."
Kanyundo gu.

M'khonde phungu wina wa imvi anandigwira pamkono,
nanong'ona kuti iye anabadwira patebulo la kukhitchini,
m'manja mwa mayi Eulah, magetsi asanafike kwawo.
Ndinati, nanga mwavota bwanji?
Anayang'ana nsapato zake.
Zinali nsapato zabwino.

Verlene analirira m'chimbudzi cha nsangalabwi.
Ndinamuuza zimene ndimauza mayi aliyense
matenda akaima pakati panjira:
ichi si chimaliziro, dzuka, tiyendeyende,
imwa madzi, njira idzatseguka.
Kaya ndinkakhulupirira, sindikudziwa.
Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi.

Pakhomo ndinapereka nambala ija.
Mlonda anabweza sizasi, koma sanaisiye msanga.
Anati, chapansipansi,
"Mkazi wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu.
Mapazi atupa, mutu sukuleka,
akuti akuona tinyenyezi masana."
Ndinati, vula chipewacho, pita naye kuchipatala.
Osati mawa. Pompano.
Ndinamulembera nambala yanga padzanja
ndi cholembera cha boma.

Tisanatuluke m'tauni foni inalira.
Nsupa ya Marnita yasweka, milungu iwiri isanakwane,
amayi ake akukuwa kumbuyoko.
Odessa anatambasula bondo pampando wakumbuyo
nati, "Ponda mafuta, mwanawe.
Uyo sadikira komiti."