Mlonda wa Mpweya

Sindine dokotala.
Ovolosi yanga ili ndi banga la oyilo pathumba,
ndipo odwala sandidziwa dzina.
Amangoti, wa sipanala uja wabwera.

Usiku uno chiperoni chatsika ku Chambe,
chalowera pawindo losweka la wodi ya amuna
n'kukhala pa fyuluta ya makina
ngati mlendo wobwera nthawi ya njala.

Pabedi lachinayi pagona bambo Muhiwa,
amene anathyola tiyi zaka makumi atatu.
Mtima wawo ukukwera chitunda utasenza dengu lonyowa,
mapapo adzaza madzi.
Pakati pa iwo ndi kumasano
pali kapaipi kopyapyala ngati luzi
ndi bokosi loyera long'ung'udza kukhoma.
Bokosilo ndi langa.

Ola lililonse ndimalemba m'buku:
kampira ka m'galasi kali pa faifi,
nambala ya pachala nainte wani,
kanyali kobiriwira sikanaphethire.
Kenako ndimagunditsa khutu pachitsulo,
kumvera kupuma kwake, fuu, tsi, fuu, tsi,
chifukwa makina nawo amanama.
Chaka chatha ena ankalira bwinobwino
koma akutulutsa mphepo wamba.
Ndinadziwira pamilomo ya mwana wa ku Chisitu
itayamba kuda ngati nthudza.
Mwanayo anachira. Ine ayi.
Kuyambira pamenepo sindikhulupirira nyali
ndisanayeze ndekha.

Kota pasiti thu, magetsi zii.

Bokosi lija likuwa kamodzi, kotalika,
kenako duu.
Sisita Namaona aluma foni kuti iwaunikire,
manja awo ali kale pamasiki.
Jenereta imafuna masekondi makumi anayi kuti ikumbuke ntchito yake,
ndipo usiku wozizira imachita ulesi.
Ndikunkhuniza silinda mumdima,
igunda phazi la bedi, ipsompsona chala changa chachikulu.
Kiyi ali m'khosi mwanga, pachingwe cha nsapato.
Eyite eyiti.
Eyite foro.
Bambo Muhiwa akukanda bulangete
ngati akufunafuna nsonga za tiyi.
Eyite wani.
Ndipotokola, geji idumpha, mpweya tswiii,
ndipo kuseri kwa mochale
jenereta itsokomola kawiri, n'kudzuka.

Palibe walankhula.
Tonse tikuyang'ana kanambala kofiira
kakukwera pang'onopang'ono
ngati minibasi yodzadza pamtunda wa ku Thyolo.

Mayi awo a kunyumba, amene agona pasimenti sabata yonse,
andikoka ovolosi.
Kodi chinthuchi chimagona nthawi yanji?
Sichigona, mayi.
Nanga inu?
Sindinayankhe. Ndinkaona ngati payipi yapindika.
Iwo anamasula mfundo ya chitenje,
n'kuyika nthochi ziwiri pamwamba pa makina.
Sindikudziwa ngati zinali zanga kapena za bokosi.
Ndinazichotsa msanga, paja pamenepo ndi potulukira kutentha,
ndipo imodzi ndinadya.

Kukucha. Nkhungu ikuvula phiri kuyambira kumapazi.
Panja othyola tiyi akudutsa ndi malaya a pulasitiki,
wina akuimba mluzu,
akuwononga mpweya mosawerengera
monga tonse timachitira.

Ndatsuka fyuluta, ndayanika pawindo.
Buku lija lili ndi mizere ya nthawi, ya nambala, ya siginecha,
koma mulibe mzere wolembapo
mmene mawondo amanjenjemerera zonse zikatha.
Ndiye ndalemba zokhazo zokwanamo:
magetsi anathima, silinda inagwira ntchito,
wodwala akupuma.
Pansi pake, kachinayi mwezi uno:
chonde, batire la jenereta.

Bambo Muhiwa atsegula diso limodzi,
apempha tiyi wa shuga wambiri.
Ine ndipereka kiyi kwa Khuliwa wa masana,
akadali wofunda ndi thukuta la m'khosi mwanga.