Pokwezera Boti pa Luangwa

Yotamu anaponda moto kachitatu.
Matayala akumbuyo ankangolira pamalo amodzi,
kulavulira matope malaya a Esinati,
boti lili phee pangolo, theka m'madzi,
ngati mvuu yokana mtunda.

Ndere za pasimenti sizimva ukali.

Esinati sanakuwe. Anathyola kamtengo,
nagwada pa tayala lililonse
kuliphwetsa pang'ono, psii,
mpaka litakhazikika pansi
ngati mayi wotong'ola chimanga.

"Zula chitsekero, boti likhetse madzi ake.
Matumba awiri a mchenga pamwamba pa matayalawo,
lachitatu umwaze m'njira."

Asodzi atatu anakwera kumbuyo
kubwereketsa kulemera kwawo
pa mtengo wa ndudu imodzi imodzi.

"Tsopano giya yoyamba. Phazi lako
liponde ngati ukulowa pakhomo pa apongozi."

Injini inang'ung'udza, osabangula.
Tayala linaluma mchenga,
linalumanso.
Boti linatuluka likudontha mtsinje.

Pamtunda Yotamu anayamba kufotokozera anthu
nzeru zomwe anaphunzira ku Chipata.
Kumunsi, Esinati ankachapa malaya,
diso limodzi kuli ng'ona.