Malata a ku Tsangano

Chaka chomwe tinaumba njerwa kudambo
ine n'kuti ndisanagweluke mano.
Makoma a tchalitchi anakwera kufika m'mawindo
n'kuima pomwepo,
ngati munthu woiwala chomwe amati anene.

Zaka khumi ndi zinayi tinapemphera denga lili mitambo.
Mu Juni chisanu cha ku Tsangano chinkatinjenjemeretsa nyimbo.
Mvula ikagwa, a Ndau ankabisa Baibulo m'jekete,
ulaliki n'kuthera m'liwiro.

Bambo anga akakumba mbatatesi
thumba limodzi silinali lathu.
Ankalikweza panjinga, n'kubwerako ndi lata limodzi
lokalisunga kuseri kwa khola.
Tsiku lina, nsapato zanga zitayasamula, ndinafunsa:
"Kodi Mulunguyo anati liti?"
Iwo anati, "Tsiku sanatchule.
Gwira uko, tinyamule."

Anatisiya chaka cha njala,
malata atakwana makumi atatu ndi limodzi.
Tinawaimbira m'makoma omwewo
dzuwa likuwomba bokosi.

Lero mvula yoyamba yatipeza m'katimo.
Kulira kwake padenga kwameza mawu a mlaliki
koma palibe wathawa.
Ndakweza maso, ndipo malata a bambo ndawazindikira:
ngadzimbiri m'mphepete,
poti ndi omwe anadikira nthawi yaitali.

Ambuye, zilipo zina zimene munanena
zomwe kwa ine zikadali m'mawindo.
Masiku ena ndimangodutsa osayang'anako.
Chaka chino mbatatesi sinabereke,
feteleza anabwera mochedwa.
Komabe thumba limodzi
ndaliika padera.